Musanagule seva yotchipa: mukulima munda kapena mukukumba chitsime?

Mwezi wathawu mayi wina wojambula mapulani a nyumba ku Kabwata ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Chinali chotsatsa malonda: seva (kompyuta yamphamvu yotumikira makompyuta ena ambiri) yogwiritsidwapo kale ntchito, Dell PowerEdge R730, yokhala ndi mapurosesa awiri a Xeon E5-2680 v4. Pansi pake analemba kuti, "Achimwene, taonani. Ma core 28, koma mtengo wake sukufika pa wa kompyuta ya ma core 8 imene mukundiuza kuti ndigule ija. Kapena mukufuna kundidyera?" Ndinaseka, komatu funso limeneli ndi loyenera, ndipo ndimalimva pafupipafupi kuchokera pamene maseva akale otuluka m'makampani akunja anayamba kuchuluka muno mu Lusaka.

Purosesa ndiyo imawerengera zonse zimene kompyuta ikuchita, ndipo core ndi wantchito mmodzi mkati mwa purosesayo. Munthu akamva 28 ndi 8 amaganiza kuti nkhani yatha. Koma zimatengera ntchito yake. Ngati mukulima munda wa maekala asanu, aganyu 28 amaliza msanga kuposa aganyu 8, chifukwa aliyense atenga mzere wake. Nanga mukamakumba chitsime? Pansi pamakwana munthu mmodzi yekha. Ena onsewo angoima pamwamba n'kumasuzumira, madzulo n'kudzafuna malipiro. Pa chitsime mumafuna munthu mmodzi wadzitho ndiponso wachangu. Katswiri wina wa makompyuta, Gene Amdahl, anafotokoza zimenezi mu 1967: ngati gawo limodzi mwa magawo khumi a ntchito silingagawidwe, ndiye kuti ngakhale muwonjezere antchito chikwi, ntchitoyo singafulumire kuposa kakhumi.

Ntchito ya mayi aja ndi chitsime. Pulogalamu yawo yojambulira mapulani, AutoCAD, imachita zambiri ndi core imodzi: kutsegula pulani, kusuntha khoma, kukulitsa chithunzi. Xeon ija inatuluka mu 2016, imayenda pa 2.4 GHz (kugunda mabiliyoni 2.4 pa sekondi) ndipo ikadzikakamiza imafika pa 3.3 GHz. Ryzen 7 7700X, purosesa ya ma core 8 imene ndinawauza, ya mu 2022, imafika pa 5.4 GHz, komanso kapangidwe kake n'katsopano moti pa kugunda kulikonse imamaliza zambiri. Pa ntchito ya core imodzi, Ryzen imaithamangira Xeon ija kuposa kawiri. Ngakhale pa ntchito yogawika, ma core 28 akalewo saposa 8 atsopanowo ndi mlingo umene manambalawo akulonjeza.

Sindikunyoza seva ayi. Inapangidwira zina. Seva ili ngati lole ya pa Great East Road yonyamula matumba a chimanga kuchokera ku Chipata: siyothamanga, koma imasenza zambiri ndipo imayenda usana ndi usiku. Mphamvu zake zenizeni zili m'zinthu zimene otsatsa malonda satchula kawirikawiri. Purosesa ya kompyuta wamba ili ndi njira ziwiri zokha zopitira ku RAM, malo amene kompyuta imasungamo mwakanthawi zimene ikugwirira ntchito. Xeon yakale ija ili ndi zinayi, pamene EPYC ya AMD ya mu 2022, yotchedwa Genoa, ili ndi 12, kuphatikiza njira 128 za PCIe zolumikizira madisiki othamanga ndi makadi a netiweki. N'chifukwa chake seva imodzi imatha kutumikira anthu mazana nthawi imodzi, kapena kugawidwa kukhala makompyuta ang'onoang'ono makumi angapo mkati mwake. Ma core nawo akhala akuchuluka modabwitsa: EPYC yoyamba mu 2017 inali ndi 32, mu 2019 inafika 64, mu 2022 inafika 96, ndipo mu 2024 panatuluka ya 192.

Palinso RAM ya mtundu wa ECC, imene ine ndimaiona kuti ndi chifukwa chomveka kwambiri chogulira zida za seva. Nthawi zina kachidutswa kamodzi ka uthenga mu RAM kamatembenuka kokha, 0 n'kukhala 1. Ngati mukuonera mpira pa intaneti simungadziwe n'komwe. Koma ngati cholakwikacho chagwera mu kaundula wa malipiro a antchito kapena mu mbiri ya odwala pa kachipatala, chimalembedwa mu disiki mwakachetechete, n'kulowanso m'makope onse osungira, ndipo mudzachitulukira patapita miyezi pamene manambala akukana kugwirizana. ECC imagwira cholakwika chotere n'kuchikonza pomwepo. Onjezerani apo mabokosi awiri olandirira magetsi, kuti lina likapsa lina lipitirize, ndiponso iDRAC kapena iLO, zimene zimalola katswiri ali ku Lusaka kuyatsa ndi kukonza makina ali ku Ndola osakwera basi.

Pakati pa seva ndi kompyuta wamba pali makina otchedwa workstation, yokhala ndi Xeon W kapena Threadripper. Imeneyi imatenga RAM yambiri ndi ECC kuchokera ku seva, n'kutenganso liwiro kuchokera ku kompyuta wamba. Threadripper Pro 7995WX ya mu 2023 ili ndi ma core 96 ndipo imafika pa 5.1 GHz. Koma purosesa yokhayo inatuluka pa mtengo wa pafupifupi madola 10,000, musanagule bodi yake. Ndi ya anthu amene ola lililonse lodikira kompyuta ndi ndalama yotayika, monga opanga mavidiyo akuluakulu ndi mainjiniya oyesa mphamvu za milatho ndi migodi. Ambiri a ife sitinafikepo.

Tsopano tibwere pa mtengo, pakuti apa ndi pamene anthu amagwa m'mbuna. Mtengo wa pa chotsatsa ndi chiyambi chabe. Tinene kuti seva ya mapurosesa awiri ikudya mawati 150 itangokhala phee. Ikayaka mwezi wonse, amenewo ndi mayuniti 108 a magetsi, isanagwire ntchito yolemera iliyonse. Ndipo kuno si ku Ulaya kumene magetsi sazimazima. Tonse tikukumbukira 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi ku Kariba ndipo makomboni ambiri ankaona malaiti kwa maola ochepa okha patsiku. Batire ya 12V 100Ah imasunga pafupifupi 1.2 kWh, ndipo ngati ndi ya asidi simuyenera kuikhetsa kupitirira theka. Ndiye kuti seva ija ingayende maola anayi okha, batire n'kufika pa theka lija. Kuti iyende tsiku lonse mufunika mabatire angapo, inverter yabwino ndi masola, zimene mtengo wake ungapose wa seva yeniyeniyo.

Phokoso nalo musalichepetse. Mafani a seva yoika m'kabati ndi ang'onoang'ono koma amazungulira mwamphamvu, ndipo mu Okutobala, kukatentha ndiponso fumbi likamalowa pa mawindo, amalira ngati chigayo. Ndinapitapo mu ofesi ina ya chipinda chimodzi kumene kalaliki ankatuluka panja akafuna kuyankha foni.

Chinanso chobisika ndi malaisensi. Kuyambira pa Windows Server 2016, Microsoft imalipiritsa potengera chiwerengero cha ma core, kuyambira pa 16 pa seva iliyonse. SQL Server, pulogalamu yawo yosungira makaundula, nayo ili ndi laisensi yowerengera ma core. Apa ma core 28 ofooka aja amasanduka ngongole: mukulipirira aganyu onse, kuphatikizapo ongosuzumira m'chitsime. Kampani yogwiritsa ntchito mapulogalamu otere nthawi zambiri imapindula ndi ma core ochepa koma achangu. Kwa ofuna kugwiritsa ntchito sevayo ngati kompyuta ya pa desiki, Xeon E5 ija ilibe pa mndandanda wa mapurosesa ovomerezeka a Windows 11, pamene Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025.

Mayi aja sindinawatsutse ndi mawu ambiri. Ndinangowauza kuti atsegule Task Manager, chida cha Windows choonetsa mmene kompyuta ikugwirira ntchito, pa laputopu yawo yakale, apite pa Performance, asinthe chithunzi cha CPU kuti chionetse kabokosi ka core iliyonse payokha, kenako agwire ntchito monga mwa masiku onse. Aliyense angachite zimenezi asanatulutse kwacha imodzi. Mabokosi onse akamadzaza pamodzi, muli m'munda ndipo ma core ambiri akuthandizani. Likamadzaza limodzi ena akugona, muli m'chitsime. Muyang'anenso RAM ndi disiki, chifukwa kawirikawiri wolakwa amakhala disiki yakale yozungulira, purosesa n'kumanamiziridwa.

Madzulo ake ananditumizira chithunzi: bokosi limodzi lili pamwamba penipeni, ena onse ali pansi. Anagula ya ma core 8 ija, n'kuikamo RAM ya 64 GB, disiki yothamanga ya SSD ndi khadi la zithunzi labwino. Seva ija ndinailozera mnyamata wina wophunzitsa za netiweki ku Chilenje, amene amafuna kuti ophunzira khumi ndi asanu aliyense akhale ndi makina ake oyeserera nthawi imodzi. Anaiika m'kachipinda kosungiramo katundu, n'kuboola khoma kuti mpweya uzituluka, ndipo amaiyatsa pa nthawi ya kalasi yokha.