Chakudya cha wodwala m'chipatala: ma dayetishani ndi ndani, nanga gadiyani adziwe chani

Abale anga a kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, makamaka inu amene munagonapo pa simenti ya chipatala mukudikilira wodwala, uthengawu ndi wanu. Tonse timadziwa kuti munthu akagonekedwa, amene amakhala naye usiku ndi usana ndi gadiyani. Iye ndi amene amakoleza moto ku shelita, kuphika phala, kuthira mu fulasiki nkuthamangira ku wodi nthawi yoona odwala. Koma nthawi zambiri palibe amamuuza kuti wodwala wakeyo akufunika kudya chani, chochuluka bwanji, kangati pa tsiku. Timangoti bola wamwa mankhwala, zakudya adzadya akachira. Pamenepo mpamene timataya anthu ambiri, chifukwa thupi lopanda chakudya silipoletsa bala la opareshoni, sililimbana ndi TB, olo mankhwala akhale abwino bwanji.

Dayetishani ndi ndani?

Ndi katswiri wa zakudya za odwala, amagwira ntchito mu wodi limodzi ndi adokotala ndi anesi. Musamusokoneze ndi wophika wa ku kitchini ya chipatala, komanso si alangizi a zaumoyo aja amayeza ana ku sikelo ya m'mudzi, ngakhale onsewa ntchito zawo zimathandizana. Dayetishani amayeza wodwala kulemera ndi kutalika, amayeza mkono ndi kalamba kaja, amawerenga zotsatira za magazi, amafunsa zomwe munthu amadya kwawo, kenako nkulemba kuti wodwala uyu adye chakuti mulingo wakuti, chimodzimodzi mmene adokotala amalembera mankhwala.

Kwa zaka zambiri dziko lathu silinkaphunzitsa anthu amenewa. Ofuna ntchitoyi ankachita kukaphunzira kunja, nde zipatala zaboma zinalibe. Maphunziro ake anadzayamba mu 2016 ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, ku Bunda kuja, mogwirizana ndi College of Medicine ya ku Blantyre yomwe pano ili mu yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, ndalama zinachokera ku USAID, bungwe la boma la America lomwe linkathandiza maiko ena, ndipo akatswiri a Tufts University ya ku America ndi amene anathandiza kukonza maphunzirowo. Ophunzirawo samathera mkalasi, amakalowa m'mawodi a zipatala zazikulu ngati Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central kuona odwala enieni, akamaliza amalembetsa ku Medical Council of Malawi ngati ogwira ntchito zachipatala ena onse.

Ine thandizo ngati limeneli ndimaliyamikira kuposa matumba a ufa, chifukwa ufa umatha koma munthu wophunzitsidwa amatsala konkuno, ndipo amadziwa nandolo ndi kalongonda, sangakuuzeni kuti mukagule zakudya za mu shopu ya mtauni. Chodandaulitsa nchakuti USAID inatsekedwa mu 2025, nde kuti anyamata ndi atsikana ophunzirawa alembedwe ntchito mpaka afike zipatala za m'maboma ngati kuno, zatsalira boma lathu ndi mabungwe ena amene akadalipo. Ma dayetishaniwa akadali ochepa kwambiri ndipo ambiri ali ku zipatala zazikulu. Komabe funsani ndithu, mukapanda kupeza dayetishani funsani wa nyutirishoni wa pachipatalapo kapena anesi a mu wodi.

Diripi si chakudya

Ichi chokha muchigwire. Anthu ambiri akaona diripi ikudontha mtima umakhala pansi, amati wodwala akudya kudzera mu mtsempha. Ayi abale. Diripi yambiri ndi madzi ndi mchere basi, ndipo ija ya shuga wamba ya 5 peresenti, lita yathunthu muli magalamu 50 okha a shuga, ngati masupuni akuluakulu anayi. Zimenezo sizingakwanire thupi la munthu wamkulu. Wodwala wanu akatha masiku awiri atatu osadya, kapena akungolawa nkusiya, musakhale chete, uzani anesi pa nthawi ya raundi.

Chubu cha m'mphuno

Apa ndichedwepo chifukwa zinandionekera ndekha. Azakhali anga anagwidwa sitiroko, mbali imodzi inafa, kumeza kunkavuta. A chipatala anati tiwaike chubu, ife abale tinakana, malume anachita kunena kuti "chubu chija akaika ndiye kuti munthu wapita, musalole." Nde tinkawamwetsa phala ndi supuni ali chigonere, iwo nkumatsokomola, maso kufiira, phala kutuluka pakona pa mlomo, ife nkumati limbikani adye. Sitinkadziwa kuti phala lina likulowera kolakwika, ku mapapo. Patatha masiku ochepa thupi linatentha, chibayo. Pamene tinkavomera chubu anali atafooka kale kwambiri, ndipo mpaka lero mtima umandipweteka kuti palibe mwa ife amene ankadziwa.

Chubu sichipha munthu. Chimangodutsa m'mphuno kukafika m'mimba kuti chakudya chamadzimadzi chilowe osasochera. Chifukwa chake anthu amachiopa nchakuti timachivomera mochedwa wodwala atatheratu, nde akamwalira mlandu timaupatsa chubu. Akaika msanga anthu ambiri amapeza mphamvu ndipo kumeza kukabwerera chimachotsedwa. Ngati mukudyetsa kudzera mu chubu, wodwala akhale chotsamira mutu uli mmwamba, nthawi yodya komanso kwa theka la ola kapena kuposera akamaliza, thirani pang'onopang'ono, tsukani chubu ndi madzi owiritsa ozizira mukamaliza, ndipo musathiremo chilichonse chomwe achipatala sanakuuzeni. Chikasuntha kapena wodwala akayamba kubanika siyani pompo itanani anesi.

Wodwala amene watha thupi kwambiri musamuunjikire nsima tsiku loyamba

Zimamveka zachilendo koma ndi zoona. Thupi lomwe lakhala nthawi yaitali ndi njala likalandira chakudya chambiri mwadzidzidzi, mchere wa m'magazi umasokonekera ndipo mtima utha kuima. Nchifukwa chake ku NRU, wodi ya ana onyentchera, mwana amayamba ndi mkaka wa F-75 pang'onopang'ono maola awiri kapena atatu aliwonse usiku omwe, akayamba kukhazikika ndi pamene amamusinthira ku mkaka wa F-100 kapena chiponde. Amayi musaone ngati anesi akumumana mwana, komanso musamupatse mwamseri zibwente kapena sobo. Chiponde paketi imodzi ya magalamu 92 ili ndi mphamvu yokwana ma kilokalori 500, ndi mankhwala a mwana wodwalayo, osagawira azibale ake, osagulitsa pa msika. Mwana wa miyezi 6 mpaka zaka zisanu kalamba ka mkono kakaonetsa kofiira, kutanthauza pansi pa masentimita 11.5, kapena mapazi onse awiri atatupa moti mukadina chala pamatsala kadzenje, pitani naye lero lomwe. Kutupa kumeneko si tsempho ayi, ndi kusowa kwa zakudya m'thupi.

Shuga, BP ndi impso

Matendawa achuluka m'midzi mwathu muno ndipo malangizo a pa WhatsApp achulukanso. Wa shuga ena amamuletsa nsima yonse mpaka munthu kumanjenjemera ndi njala uku akumwa mapilisi, zomwe zitha kugwetsa shuga mpaka kukomoka. Nkhani ndi mulingo: nsima ya mgaiwa yocheperako, ndiwo zamasamba zambiri monga nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa, nyemba kapena nandolo pambali, kudya pa nthawi yake osadumphitsa. Zoti achepetse kwenikweni ndi zakumwa za m'mabotolo, thobwa lothira shuga, ndi tiyi uja timathira masupuni anayi.

Wa BP, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mchere usapose magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kakang'ono ka tiyi kosadzadza, ndipo muwerengere ndi mchere wobisika mu timakyubu tokometsera ndiwo, soda wa mu therere ndi nsomba zouma zothira mchere.

Wa impso ndiye musayerekeze kutsatira malangizo a mnansi. Nthochi ndi mapeyala zomwe kuno timaziona ngati chakudya chabwino cha wodwala aliyense zili ndi potaziyamu (mtundu wina wa mchere) wambiri, ndipo impso zikafooka zimalephera kumuchotsa m'magazi, zomwe zimasokoneza mtima. Ena amauzidwanso kuchepetsa madzi. Izi zimatengera zotsatira za magazi a munthuyo, apa mpamene dayetishani amafunikira zedi. Mankhwala azitsamba a m'mabotolo aja amagulitsa m'misika musamupatse.

Za tiyi, poti kuno ndi kwawo kwa tiyi: amatchinga ayironi wa m'zakudya, amene amathandiza kupanga magazi, kulowa bwino m'thupi, nde amayi oyembekezera ndi onse ochepa magazi musamwere tiyi pa nsima, dikirani papite ola limodzi kapena awiri. Mmalo mwake idyani kachidutswa ka nanazi, gwafa kapena lalanje, vitamini C wake amathandiza ayironi kulowa.

Wa TB kapena amene ali pa ma ARV koma akuonda, chilakolako chikasowa musamukakamize mbale yodzadza. Pang'ono pang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kasupuni ka mafuta ophikira, dzira likapezeka, usipa kapena bonya wosinja. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja timaphunzira ku sikelo ndi omwewo, safuna ndalama zambiri, ngakhale ndikudziwa kuti chidutsireni namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 mabanja ambiri kuno minda inakokoloka ndipo olo nsinjiro yomwe ikuvuta kupeza. Ngati zili choncho nenani ku chipatala, osachita manyazi, pena pamakhala Likuni Phala kapena chiponde cha akuluakulu omwe.

Mukafika mu wodi

Funsani ngati wodwala wanu wayezedwa sikelo ndipo alembe mu buku lake la chipatala. Nenani ngati zovala zayamba kumukhwepa miyezi yapitayi, ngati akusanza, kutsekula m'mimba, kapena ali ndi zilonda mkamwa. Musanapite ku shelita kukaphika funsani zomwe akuloledwa kudya, makamaka ngati akupita ku fiyeta (kochitira opareshoni) kapena wangotulukako. Sambani m'manja ndi sopo, chakudya chogona musabwere nacho, ndipo tsiku lotuluka musanyamule katundu musanafunse kuti kunyumba azikadya chani komanso sikelo yotsatira abwere liti.