Ululu wa khosi wotsikira kumkono: jakisoni wa epidural amathandiza pati?

Bambo wina, telala wa zaka za m'ma 40, analowa m'chipinda chomwe ndimaonera odwala atasanjika dzanja lamanja pamutu ngati wangomva uthenga wa maliro. Ndisanafunse n'komwe, anayamba ndi iye: "Sindinaferedwe ayi adokotala. Ndikatere ndiye ululu umatsikako." Kwa masabata atatu sankagona. Ululu unkayambira kumbuyo kwa khosi, kudzera paphewa, kutsika mkono wonse mpaka pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala, ngati wagwira waya wa magetsi. Akatsokomola kapena kuyetsemula, zinkachita kunyanya. Sizasi inkamupulumuka m'manja. Pempho lake linali limodzi: "Mundibaye jakisoni basi, mapilitsi andikana."

Dzanja la pamutu lija linali litandiuza kale zambiri. Munthu akakweza mkono choncho, mtsempha wochokera m'khosi umakhwefuka, ululu n'kuchepa. Nthawi zambiri chimenechi ndi chizindikiro choti mtsempha wapanikizika pomwe umatulukira m'mafupa a khosi.

M'khosi muli mafupa 7 osanjikizana, omwe timawatchula kuti C1 mpaka C7. Kuyambira pa lachiwiri kutsika m'munsi, pakati pa fupa ndi linzake pali kanthu kofewa komwe kuchipatala timati disiki. Ine ndimakonda kukayerekeza ndi nkhata. Monga nkhata imatetezera mutu kuti ndowa isaupweteke, disiki imateteza mafupa kuti asakhulane, ndipo imalola khosi kutembenuka. Kunja kwake n'kolimba, kozungulira ngati nkhata yomweyo, koma mkati mwake muli zofewa ngati phala lolimbako. Zaka zikamapita, disiki imauma n'kuphwa. Ikang'ambika, zamkati zija zimatuluka n'kukakhudza mtsempha womwe ukudutsa pafupi. Malo omwe izi zimachitika kwambiri ndi pakati pa C5 ndi C6 komanso pakati pa C6 ndi C7. Zala n'zimene zimatilondolera: dzanzi pa chala chachikulu limaloza mtsempha wa C6, pa chala chapakati wa C7, pa kachala kakang'ono wa C8, womwe umatulukira pansi pa fupa la C7. Kukalamba ndiye gwero lalikulu, koma fodya amafulumizitsa kuuma kwa disiki, ndipo khosi lomwe lasenza madzi, nkhuni ndi matumba kuyambira ubwana nalonso limafika poperepeseka msanga.

Apa pali mfundo yomwe ambiri saidziwa, ndipo nkhani yonse ya jakisoniyu yagona pamenepa. Chomwe chimapweteka si kupanikizika kokha. Zamkati mwa disiki zikakhudza mtsempha zimauwotcha, ngati tsabola walowa m'diso, ndipo mtsemphawo umatupa m'kanjira kopanikiza kale. Mankhwala a steroid, omwe ndiwo amathiridwa pa jakisoni wa epidural, ntchito yawo ndi kuzimitsa kutupako. Disiki yong'ambika saisoka, yophwa saifufumitsa, ndipo fupa lomwe lamera msonga salisema. Wina akakuuzani kuti jakisoniyu amabwezera disiki m'malo mwake, akukunamizani.

Ndiye phindu lake n'chiyani? Thupi limadzikonza lokha. Zomwe zatuluka mu disiki zimafota pang'onopang'ono, ndipo odwala ambiri amapeza bwino m'masabata 6 mpaka 12 popanda opaleshoni. Vuto ndi loti masabata amenewo ndi aatali kwa munthu amene sakugona, sakugwira ntchito, ndipo sangathe ngakhale kuchita mafizo chifukwa kungotembenuza khosi misozi imalengeza. Jakisoni amamuwolotsa pa nyengo yowawitsayo kufikira thupi litamaliza ntchito yake. Kwa ena mpumulo umakhala wa masabata ochepa, kwa ena miyezi ingapo, ndipo alipo ena omwe sawathandiza n'komwe. Amagwira bwino pa ululu wotsikira kumkono. Ngati khosi lokha ndilo likuwawa, mkono uli bwinobwino, ine sindilimbikitsa kubaya, chifukwa phindu limakhala lochepa pomwe chiopsezo ndi chomwecho.

Anthu a kwathu timakhulupirira jakisoni, timaona ngati ndiye mankhwala enieni. Koma uyu si wapatako uja wobaya pakiliniki iliyonse. Mkati mwa mafupa a khosi mumadutsa chingwe chachikulu cha mitsempha chochokera ku ubongo, chomwe chimayendetsa manja, miyendo, chikhodzodzo, ngakhale kupuma. Chingwechi chinakutidwa ndi kachikopa, ndipo kunja kwa kachikopako kuli kampata ka mafuta ndi timitsempha ta magazi. Kampata kameneka ndiko epidural. M'khosi n'kopyapyala kwambiri, mamilimita ochepa chabe. Singano iyenera kuima m'menemo, osapitirira.

N'chifukwa chake ntchitoyi imachitika ndi makina a X-ray oonetsa singano pomwe ikuyenda. Wodwala amagona chafufumimba, chipumi pa pilo. Khungu amalitsuka bwino n'kulichititsa dzanzi. Dokotala amalowetsa singano kumunsi kwa khosi, kawirikawiri pakati pa C7 ndi fupa loyamba la msana wa pachifuwa, pomwe kampata kaja n'kotakasukako. Asanathire mankhwala, amayamba wathira timadzi tooneka pa X-ray kuti atsimikize kuti singano sinalowe mumtsempha wa magazi kapena kuboola kachikopa kaja. Zonse zimatha mphindi 15 mpaka 30. Wodwala sitimugoneka tulo tofa nato, dala, kuti akamva ululu wachilendo alankhule msanga. Pali njira ina yolowera cham'mbali mwa khosi, pakabowo komwe mtsempha umatulukira. Imafikitsa mankhwala pafupi zedi ndi pomwe pali vuto, koma pamenepo pamadutsanso mitsempha ya magazi yopita ku ubongo. Ma steroid ena, monga triamcinolone ndi methylprednisolone, ali ndi timibulu tating'onoting'ono tomwe tingatseke mitsempha imeneyi n'kuyambitsa sitiroko. Pa njira ya m'mbaliyi akatswiri amasankha dexamethasone, yemwe alibe timibulu.

Ngozi zikuluzikulu sizichitikachitika, koma zilipo ndipo wodwala ayenera kuuzidwa. Mu 2014 bungwe la FDA la ku America, loona za mankhwala, linachenjeza kuti ma steroid obayidwa mu epidural nthawi zina ayambitsapo kusaona, sitiroko, kufa ziwalo ndi imfa. Zaka ziwiri izi zisanachitike, mu 2012, mankhwala a methylprednisolone opangidwa mosasamala ukhondo ku Massachusetts, ku America komweko, anadwalitsa anthu oposa 750, ambiri mwa iwo matenda oumitsa khosi, ndipo oposa 60 anamwalira. Ngati zoterezi zinachitika m'dziko la zipangizo zonse, munthu asavomere kubayidwa m'khosi pamalo opanda makina oonera, ndi munthu amene sanaphunzire ntchitoyi.

Zing'onozing'ono ndiye n'zofala: kuwawa pomwe abaya, nkhope kutentha, kusowa tulo usiku umodzi kapena uwiri. Ena ululu umayamba wakwera kaye, chifukwa steroid amatenga masiku awiri mpaka sabata kuti agwire. Singano ikaboola kachikopa kaja, mutu umawawa kwambiri munthu akadzuka, n'kuleka akagona. Odwala shuga ayembekezere kuti shuga akwera kwa masiku angapo, choncho aziyeza pafupipafupi. Amene amamwa mankhwala osungunula magazi, monga warfarin kapena clopidogrel, anene pasadakhale, chifukwa magazi akataikira m'kampata kaja amapanikiza chingwe cha mitsempha. Koma asasiye okha mankhwalawo, akambirane ndi amene anawalembera. Ndipo kubaya sikubwerezedwa mwachisawawa: madokotala ambiri sapitirira katatu kapena kanayi pachaka, poti steroid akachuluka amafooketsa mafupa. Woyamba akapanda kuthandiza ngakhale pang'ono, sindiona chifukwa chothamangira wachiwiri.

Pali zinthu ziwiri zomwe mabuku a kunja amangozidutsa koma ife kuno sitingazilumphe. Choyamba ndi TB. Chifuwa chachikulu sichikhala m'mapapo mokha, chimadyanso mafupa a msana ndi a khosi, ndipo poyamba chimatha kuoneka ngati vuto la disiki. Kuthira steroid pamalo pomwe pali TB kapena mafinya ndi kuthira palafini pamoto, chifukwa mankhwalawa amatsitsa chitetezo pamalopo. Munthu amene khosi likuwawa komanso akuonda, akutuluka thukuta usiku, thupi likutentha, kapena anadwalapo khansa, afunika kupimidwa mokwanira singano isanayandikire. Chithunzi cha MRI, chomwe chimaonetsa disiki ndi mitsempha, n'chofunika jakisoniyu asanabayidwe. Makina oyamba a MRI m'Malawi anafika ku Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, ndipo mpaka pano munthu wa kutali ndi mizinda ikuluikulu amayenda mtunda kuti awapeze. X-ray wamba amaonetsa mafupa okha, disiki ndi mitsempha siziwoneka.

Chachiwiri ndi ma ARV. Ambiri masiku ano akumwa a dolutegravir, omwe salimbana ndi steroid. Koma amene ali pa mankhwala okhala ndi ritonavir, monga atazanavir kapena lopinavir wophatikiza ndi ritonavir, chiwindi chawo chimachedwa kuchotsa ma steroid ena, makamaka triamcinolone. Jakisoni mmodzi yekha angathe kukhalitsa m'thupi kwa masabata ambiri, nkhope n'kufufuma, shuga ndi BP n'kukwera. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi mabotolo a mankhwala onse, muonetse dokotala. Manyazi apa alibe malo.

Palinso odwala omwe jakisoni angangowachedwetsa. Ngati mabatani a malaya akukuvutani kumanga, zolemba zanu zasintha, mukuyenda modzandira ngati mwaledzera, mkono ukunka nufooka tsiku ndi tsiku, kapena mkodzo wayamba kuvuta, ndiye kuti mwina chapanikizika ndi chingwe chachikulu chija. Apo pafunika dokotala wa opaleshoni ya msana mwachangu, osati mankhwala oziziritsa ululu.

Telala uja sindinamutumize kokabayidwa tsiku lomwelo, ndipo anatuluka atakwinya nkhope. Mphamvu za mkono wake zinali zikadalipo, miyendo inali bwino, sanali kuonda. Tinayamba ndi mankhwala ochepetsa kutupa kwa masiku owerengeka, titatsimikiza kuti alibe zilonda za m'mimba kapena vuto la impso, ndi ena ogonetsa mitsempha usiku. Ndinamutumiza kwa a mafizo, n'kumuuza kuti akweze tebulo la makina ake kuti asamawerame tsiku lonse, azidzuka pakatha theka la ola lililonse, ndiponso asiye kugonera mapilo awiri. Ndinamuletsanso kupita kwa anthu othyola khosi mokhotetsa mwadzidzidzi. Tinagwirizana kuti pakatha masabata 6 ululu ukadali womulanda tulo, tidzajambula MRI n'kukambirana za jakisoni ndi katswiri wake.

Anabweranso patatha mwezi ndi theka, manja onse ali m'matumba. Dzanzi pa chala chachikulu linali likadalipo pang'ono, ndipo ndinamuuza kuti limenelo limachedwa kutha kuposa ululu, mwina miyezi ingapo. Anandifunsa ngati angayambirenso kusoka mayunifolomu, poti sukulu zinali pafupi kutsegulidwa ndipo makolo anali atayamba kale kumusowetsa mtendere.