Mpeni wosendera wangochoka m'paketi, musauthamangire

Ndatopa ndi anthu ondionetsa mkono wometedwa ubweya n'kumati mpeni wawo watsopano ndi wakuthwa. Umenewo si umboni. Kufakitale amanola ndi lamba wa makina m'kanthawi kochepa. Kawirikawiri mbali imodzi imatuluka yopendekeka kuposa inzake, ndipo pamatsala kamlomo kopyapyala kachitsulo. Kamlomoko ndi kamene kakumetani. Mukangoyamba kusenda chikopa cha fumbi ndi mchenga, kamapindika, mpeni n'kubunthiratu nyama isanathe.

Poyesa kampeni kosapinda, ka masentimita 7 mpaka 10, ine ndimayamba ndi chigwiriro. Ndimachinyowetsa, chifukwa ntchito yake ndi ya magazi ndi mafuta. Chikaterera m'manja, zinazo zilibe phindu. Chitsulo chikhale chodutsa mpaka kumapeto kwa chigwiriro. Kenako pokhota paja, kufupi ndi nsonga, pamene pamagwira ntchito yonse. Pamenepo ndi pomwe makina amalakwitsa kwambiri.

Ponola, pakani inki ya cholembera cha maka mbali zonse ziwiri za kothwako, mudutsitse pamwala kawiri katatu. Pamene inki yatsala, mwala sunafikepo. Mipeni yambiri imabwera kothwako kuli kopendekeka madigiri 20 mpaka 25 mbali iliyonse. Wosendera ndimautsitsira pa 17 mpaka 20. Yambani ndi mwala wokhakhala, wa nambala 300 kapena 400 (nambala ikamakwera, mwala umakhala wosalala), mbali imodzi mpaka chala chimve kamlomo kuyambira kuchigwiriro kufika kunsonga. Osatembenuza musanakamve. Pokhota paja muzikweza dzanja pang'ono, apo ayi mupaphwatalitsa. Mukatero mwala wa 1000, ndiye lamba wachikopa wochotsera kamlomo. Basi. Kuupukuta mpaka kuwala ngati galasi n'kudzivutitsa. Chikopa chimafuna mpeni wa timano tating'ono toluma.

Chimene chimandipwetekabe mtima ndi mpeni wa mnyamata wina. Chitsulo chabwino, vuto lake linali kupendekeka chabe, ntchito ya theka la ola. Anazengereza, kumangokanikiza ndi mphamvu mpaka anaboola zikopa ziwiri ndi kudzicheka chala. Atatopa anakaupereka kwa ena aja onola makwanje ndi nkhwangwa pa galainda youma. Nditaulandira, nsonga inali itasanduka yabuluu. Mtundu umenewo umabwera chitsulo chikatentha kufika cha m'madigiri 300 a Celsius, ndipo kulimba kumene anachipatsa pochiumba kumakhala kwapita. Mungaunole bwanji, pamenepo pamabuntha msanga. Ndinachita kudya chitsulo chofewacho mpaka kupeza cholimba, mpeni n'kufupika, kukhota kuja n'kusokonekera.

Wonola amene akuthothola nthethe za moto, alibe ngakhale kachitini ka madzi pambali, mulandeni mpeni wanu. Chimodzimodzinso tizipangizo tokokeramo mpeni pakati pa timano tiwiri tolimba: timang'amba chitsulo, ndipo pokhota paja sititsata n'komwe.