Mbiri ya Barfleur, doko la mafumu limene linasanduka mudzi wa asodzi

Barfleur ndi mudzi waung'ono wa m'mphepete mwa nyanja yamchere m'chigawo cha Normandy, kumpoto kwa dziko la France, pa ndomo ya mtunda yotchedwa Cotentin imene inaloza ku England. Malo ake onse ndi mahekitala pafupifupi 60 okha, ndipo anthu okhazikika kumeneko masiku ano sakwana 600. Mlendo woona nyumba zake za miyala yotuwa ndi maboti a asodzi atagona pamatope madzi akaphwa sangaganize kuti pano panali khomo la mafumu.

Kutukuka kwa mudziwu kunadza chifukwa cha ulendo wa ku England. M'chaka cha 1066 William, wolamulira Normandy, anaoloka nyanja n'kukalanda ufumu wa England, ndipo anthu a ku Barfleur amanena monyadira kuti chombo chake chotchedwa Mora chinakhomedwa padoko lawo. Kuyambira pamenepo banja limodzi linkalamulira tsidya lino ndi tsidya ilo, choncho mafumu, mabishopu, asilikali ndi amalonda ankadutsira pa Barfleur popita ndi pobwerera.

Tsiku limene mudziwu umakumbukiridwa nalo kwambiri ndi 25 November 1120. Usiku wa tsikulo chombo chotchedwa Blanche-Nef, kutanthauza Chombo Choyera, chinanyamuka padokoli chitanyamula anthu pafupifupi 300, ndipo mmodzi wa iwo anali William Adelin, mwana wamwamuna yekhayo amene Mfumu Henry I ya England anabereka mwa mfumukazi yake. Woyendetsa chombocho, Thomas FitzStephen, anali mwana wa munthu amene anayendetsa Mora zaka 54 m'mbuyomo. Olemba mbiri a nthawiyo amati amalinyero ndi okwera omwe anali atamwa vinyo wambiri, ndipo pofuna kupitirira chombo cha mfumu chimene chinali chitatsogola kale, anakagunda thanthwe lotchedwa Quillebeuf chombocho chisanapite kutali ndi gombe. Amene anapulumuka anali munthu mmodzi yekha, wogulitsa nyama wa ku Rouen dzina lake Berold. Chomvetsa chisoni n'chakuti ngoziyo sinathere m'madzimo. Mfumu Henry itamwalira mu 1135 yopanda mwana wamwamuna woti alowe ufumu, mwana wake wamkazi Matilda analimbirana mpando ndi msuweni wake Stephen, amenenso anatsika m'chombo chomwecho chisananyamuke, ndipo nkhondo yawo inasautsa England mpaka 1153.

Koma ine ndikuona kuti chimene chinafooketsa Barfleur si ngoziyo ayi. Mu 1204 Mfumu Philip Augustus ya France inalanda Normandy, ndipo nyanja imene inali njira yolumikiza mbali ziwiri za ufumu umodzi inasanduka malire a adani. Doko linatsala lopanda apaulendo olemekezeka aja. Mu 1346 asilikali a Mfumu Edward III ya England anatsikira pa Saint-Vaast-la-Hougue, pafupi pomwepo, n'kufunkha ndi kutentha Barfleur, ndipo mudziwo sunabwererenso pa ukulu wake wakale.

Otsalawo anadalira usodzi. M'zaka za m'ma 1800 chiwerengero cha anthu chinaposa 1,000, ndipo m'nyengo yomweyo nsanja younikira zombo ya ku Gatteville, yotalika mamita 75, inayamba kuwala mu 1835 pafupi ndi matanthwe omwe aja, kenako mu 1865 padokopo panakhazikitsidwa boti lopulumutsira anthu panyanja. Kuchokera pamenepo anthu akhala akuchepa pang'onopang'ono, chifukwa usodzi wa makono sufuna manja ambiri ndipo achinyamata amakafuna ntchito ku Cherbourg ndi m'mizinda ina. Nyumba zambiri tsopano ndi za anthu obwera kudzapuma m'chilimwe, zimene zimakhala zotseka m'nyengo yozizira, pamene asodzi ochepa otsalawo akupitiriza kutsitsa nsomba zawo padoko lomwelo, pafupi ndi tchalitchi cha Saint-Nicolas.