Ayi, anyani si agogo athu

Anthu amakonda kufunsa kuti ngati tinachokera kwa anyani nanga bwanji anyaniwo akadalipo, akuba chimanga mpaka lero? Komatu sayansi sinena choncho ayi. Imati ife ndi achimpanzi tili ndi kholo limodzi lomwe linalipo zaka 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, ndiye ndi asuweni basi. Umboni woti ife ndi nyama zina tili pachibale uli m'mafupa momwemu. Mukamadya phiko la nkhuku taonetsetsani, fupa limodzi kumtunda kenako awiri ogundizana, gwirani mkono wanu mupeza chimodzimodzi, mleme nawonso ndi momwemo. Nyamalikiti ndi khosi lonse lija mafupa ake ndi 7 okha ngati inuyo. Ndiye kafupa kakumapeto kwa msana kaja, kopweteka mukagwa chokhala, ndi kotsalira ka mchira.