"Ndi panado chabe": mawu amene ndatopa nawo

Pawindo lolandirira mankhwala ndimawamva pafupifupi tsiku lililonse. Munthu akuti wamwa anayi nthawi imodzi chifukwa awiri sakugwira, ndiye akuseka. Ine sindiseka, chifukwa ndikudziwa zimene zikuchitika m'chiwindi mwake.

Paracetamol, mankhwala amene ali mu panado, akafika m'chiwindi, kagawo kochepa kamasanduka poizoni wotchedwa NAPQI. Chiwindi chili ndi chotetezera chake, glutathione, chimene chimagwira poizoniyo n'kumutaya. Koma nkhokwe ya glutathione imatha. Ikatha, NAPQI amamata pa timagawo topanga mphamvu m'kati mwa selo (maselo ndi tizidutswa tamoyo tating'onoting'ono timene timapanga chiwindi), seloyo imayamba kutumiza zizindikiro zoti yapanikizika, ndipo zizindikiro zomwezo zikapitirira zimaitsegulira njira ya imfa. Maselo amafa motsatizana, mwiniwake akuyenda bwinobwino.

Bambo wina sandichoka m'mutu. Dzino linkamuwawa, ndiye kwa masiku atatu ankamwa panado maola awiri alionse, n'kuwonjezera mapiritsi a chimfine osadziwa kuti nawonso muli paracetamol. Usiku kachasu kuti agone. Nsima inkamukanika chifukwa cha dzinolo. Mowa ndi njala zonse zimatsitsa glutathione, ndiye chiwindi chake chinalibe chodzitetezera. Atayamba kusanza, abale anamupatsa mkaka. Maso atachita chikasu anamutengera kwa sing'anga, amene anati wamulodza mnzake wa ku ntchito n'kumumwetsa zitsamba zosanzitsa. Zimenezo zinangowonjezera katundu pa chiwindi chofa kale. Anafika kwa ife atasokonezeka mutu, sakuzindikira mkazi wake. Sitinamupulumutse.

Chimandipweteka n'chakuti mankhwala othana ndi poizoniyu alipo. Acetylcysteine amabwezeretsa glutathione, ndipo amagwira bwino kwambiri akaperekedwa maola 8 asanathe kuchokera pamene munthu wamwa panado wochuluka. Vuto ndi loti tsiku loyamba munthu amaoneka wabwinobwino, mwina nseru pang'ono chabe. Chikasu chimabwera pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, maselo ambiri atapita kale.

Wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a panado a 500mg pa maola 24, ndipo pakati pa kumwa papite maola osachepera 4. Ngati mumamwa mowa kwambiri, simukudya, kapena muli pa mankhwala a TB, funsani kaye. Mwana amayezeredwa malinga ndi sikelo yake, osati kumuthyolera piritsi la amayi ake.

Ngati mwapyola kale, musadikire kuti muone chizindikiro. Musamwe mkaka, musadzisanzitse, musapite kwa sing'anga. Nyamulani mapaketi onse amene mwamwa, ndi a chimfine omwe, mubwere nawo kuchipatala lero.