Anthu a Mikondo a ku Madagascar Amene Mayina Awo Samveka

Chaka chilichonse pa 29 Malichi anthu a pachilumba cha Madagascar amakumbukira nkhondo imene makolo awo anayambitsa mu 1947 pofuna kuthamangitsa atsamunda a ku France. Mayina amene amamveka kwambiri ndi a aphungu atatu a MDRM, chipani chimene chinkafuna ufulu wodzilamulira wa Madagascar: Joseph Raseta, Joseph Ravoahangy ndi Jacques Rabemananjara. Anthuwa anazunzikadi, ndipo awiri oyambawo anaweruzidwa kuti aphedwe chilangocho chisanasinthidwe, komabe ndi iwo omwe amene pa 27 Malichi anatumiza uthenga wopempha otsatira awo kuti asachite chipolowe. Amene ananyamula mikondo anali anthu ena.

Usiku wa pa 29 Malichiwo, magulu a anthu anaukira msasa wa asilikali ku Moramanga ndi tauni ya Manakara ya m'mphepete mwa nyanja. Ambiri anali alimi otopa ndi thangata ndi kulandidwa mpunga, pamodzi ndi asilikali amene anamenyera France nkhondo yachiwiri ya dziko lonse n'kubwerera kwawo opanda ulemu uliwonse. Mfuti zinali zowerengeka, choncho ankatchedwa marosalohy, kutanthauza anthu a mikondo, ndipo polowa m'nkhondo ankafuula kuti "rano, rano", ndiye kuti madzi, pokhulupirira kuti zipolopolo zisanduka madzi. Kumpoto ankatsogoleredwa ndi Victorien Razafindrabe, kumwera ndi Michel Radaoroson, yemwe kale anali mphunzitsi, ndipo anapirira m'nkhalango za kum'mawa kwa chaka ndi miyezi mpaka Radaoroson anaphedwa mu Julaye 1948, Razafindrabe n'kugwidwa mu Seputembala, n'kumwalira posakhalitsa.

Kwa ine, mbiri ya anthuwa inakwiriridwa pa 19 Julaye 1948. Tsikulo atsamunda anaombera Samuel Rakotondrabe, mtsogoleri wa gulu lachinsinsi la JINA, kutatsala masiku atatu okha kuti mlandu wa aphungu aja uyambe ku Antananarivo. Iyeyu ndiye akanatha kufotokozera bwalo za amene anakonza nkhondoyo, koma boma limene linkafunitsitsa kuthetsa chipani cha MDRM linam'tseka pakamwa, ndipo mlandu wonse unakankhidwira kwa andale. Kuyambira pamenepo nkhani ya 1947 inasanduka nkhani ya aphungu, ndipo ngakhale ufulu utabwera mu 1960, boma la Philibert Tsiranana, lomwe linkagwirizana ndi France, silinafulumire kutchula a m'nkhalango aja.

Zambiri zimene zinalembedwa za iwo zinachokera m'mafayilo a asilikali amene ankawasaka ndi m'maumboni otengedwa pozunza akaidi, motero wowerenga ayenera kusamala nazo. Ngakhale chiwerengero cha akufa sichigwirizana. Akuluakulu a asilikali a France anatchula 89,000, boma la atsamunda pambuyo pake linati 11,342, pamene katswiri wa mbiri Jean Fremigacci akuti anali pakati pa 30,000 ndi 40,000, ambiri atafa ndi njala ndi matenda pothawira m'tchire. Chiwerengero chaching'onocho n'chovuta kuchikhulupirira, chifukwa amene anafera m'nkhalango panalibe wowalemba m'kaundula. Ku Moramanga kokha, mu Meyi 1947, akaidi 166 ochokera ku Ambatondrazaka anatsekeredwa m'mabogi a sitima, asilikali n'kuwaombera ali m'katimo.